Botolo la Madontho Anayi

Tiyi wa bowa uja sanawawe.

Pius anamwanso kachiwiri n'kumusunga m'kamwa, kudikira kuti mwina kuwawa kubwera mochedwa. Ayi ndithu. Ankangomveka ngati madzi otsukira thabwa. Anakhuthula wotsalayo patsinde pa mtengo wa mango n'kukhala pachitsa, kapu ili m'manja.

Inali itakwana miyezi khumi ndi umodzi chimwalirireni amayi ake, a Esitele, amene dera lonse la Mkanda linkawadziwa ndi bowa wofiira. Si bowa wa ndiwo ayi. Ndi wolimba ngati khungwa, wonyezimira pamwamba ngati wapakidwa polishi, ndipo amaumitsidwa, kusinjidwa, n'kumwedwa ngati tiyi. Amayiwo anaphunzira ulimi umenewu kukalabu ya azimayi. Anzawo onse anagwa mphwayi chaka chisanathe, iwo okha n'kupitiriza zaka zisanu ndi zinayi. Ogula ankati bowayo amawapepukitsa m'thupi. Pius sankavomereza, sankatsutsanso. Chimene ankadziwa n'chakuti eni bowawo ankamwa tsiku ndi tsiku, koma matenda atafika sanafunse kuti pakhomo pano mumamwa chiyani.

Anasiya koleji ali m'chaka chachiwiri kuti adzawadwazike. Atawaika m'manda sanabwerereko. Zovala anagawana achibale, mapoto anapita ndi azakhali, wailesi anatenga ndani kaya. Iye anatsala ndi kachisakasa ka udzu kuseri kwa nyumba, momwe munali matumba a utuchi wosakaniza ndi gaga, ndi mabotolo a mapira ophika oyangidwa ndi ulusi woyera. Ulusiwo ndiwo mbewu ya bowa. Ukatapa mapira pang'ono m'botolo lakale n'kuthira m'botolo latsopano, ulusi umayanganso, mbewu n'kuchuluka. Pa zonse zimene manja a amayi ake anasiya, chamoyo chinali chimenechi basi.

Tsopano chinkamufera m'manja.

Sizinayambe mwadzidzidzi. Zokolola ziwiri zoyamba zinali bwino. Kenaka bowa anayamba kutuluka wopyapyala, wotuwa m'mbali. Kenaka matumba ena ankangoyera mbee osabala kanthu. M'mabotolo ulusi unkathamanga kuposa kale, koma wonyozoloka, wa zigamba zigamba ngati mutu wa chipere. Amayi ake ankayesa bowa ndi lilime. Ankati akapanda kukukwinyitsa nkhope, ameneyo ndi nkhuni. Lero Pius anali atamwa nkhuni.

Belu la njinga linalira kubwalo. Anali amalume ake a Davie, mlimi wa fodya, munthu wosafika pakhomo wopanda nkhani.

"Adokotala alipo? Kapena alowa m'labu?"

"Ndilipo, malume."

A Davie anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki m'thumba la jekete. M'katimo munali ufa wofiirira kwambiri, pafupifupi wakuda.

"Madzi ako akadali otentha? Thira aka. Usandifunse kaye."

Pius anathira. Atangoika kukamwa, nsagwada zinakungika zokha, misozi n'kulengeza. Sikunali kuwawa kokha. Kumapeto kwake kunali kakomedwe kena konga utsi wa nkhuni zonyowa, kamene anakamva komaliza amayi ake ali moyo.

"Mwautenga kuti?"

"Wauzindikira eti? Ndimadziwa. M'golosale ya a Ashura, pamsika pompa. Uli pashelefu poyera, pambali pa mchere. Ndipo akuti anyamata a ku Chipata akumadzatenga m'makatoni."

A Ashura anali mayi wachisilamu wa golosale yobiriwira pa Mkanda, mnzawo wa malemu amayi ake. Pius ankagula mapira kwa iwo.

"Mwina amaoda kwina," anatero Pius.

"Kwina kuti? Lilime lako lanena kale, iwe ukufuna kulitsutsa? Tamvera, mphwanga. Tsiku lija tinkadikira galimoto yopita ndi mlongo wanga kuchipatala, ine ndinali pakhonde apa. Mayi ameneyu analowa kuchipinda, anakhalamo nthawi, kenaka anazungulira kuseri. Potuluka anali ndi kanthu kokulunga m'chitenje, atakapanira kukhwapa. Kankalira ngwe ngwe. Ine ndi makutu angawa."

"Bwanji simunanene?"

"Pamaliro? Ndinene kuti gwirani wakuba, thupi lili m'nyumba? Koma taganiza wekha. Wako akufa, wawo akunenepa. Mapira ukugula kwa ndani?"

A Davie atapita, Pius analowa m'chisakasa n'kuima pakati pa mashelefu. Zinthu zimene sankazilabadira zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Pakona panali kabokosi kamatabwa kamene anakapeza kopanda kanthu maliro atatha. Ndiye panali mafunso a a Ashura. Nthawi iliyonse akapita kukagula mapira, mayiwo ankatsamira pakauntala n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bowa akuyenda bwanji, mwanawe? Ukutapa m'botolo liti?" Iye ankangoyankha kuti zili bwino n'kunyamula thumba lake, chifukwa nkhope yawo inkamukumbutsa masiku a kuchipatala. Tsopano funsolo linamveka mwina. Munthu amafunsiranji botolo la mwini?

Koma Pius anali atakhalako m'kalasi, ndipo sanafune kugamula mlandu ndi mawu a amalume okha. Anapalasa njinga mpaka ku Kapondo kukagula mapira kwa munthu wosamudziwa. Anawaphika nthawi yotalikirapo mumgolo. Anatsuka supuni ndi sipiliti kawiri, anasamba m'manja mpaka khungu kuthetheka, anagula loko watsopano wa chisakasa, kiyi n'kumanga m'khosi. Anatapa mbewu m'botolo limene linayanga msanga kuposa onse, monga ankachitira nthawi zonse.

Patatha masabata atatu ulusi unatuluka womwe uja, wothamanga, wopyapyala, wa zigamba.

Choncho vuto silinali mapira. Zimenezi zikanamutonthoza, koma zinangomuwonjezera ukali. Ngati sanamuthirire kanthu, ndiye kuti anamutengera kanthu. Mbewu yeniyeni inatuluka m'chitenje tsiku lija, iye n'kumusiyira zotsalira.

Loweruka lina ali kuchigayo kogula gaga, mayi wina amene kale ankagula kwa amayi ake anamufunsa chifukwa chimene ufa wake unasiyira mphamvu. Panali anthu ambiri, makina atazima. Pius anayankha mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Kafunseni a golosale yobiriwira. Ena amabwera kudzazonda odwala, potuluka chitenje chitalemera."

Palibe anaseka. Azimayi anangoyang'anana, wina n'kunena chapansipansi kuti, "Iii." Pobwerera kunyumba anadziuza kuti wanena zoona.

Lolemba m'mawa anakulunga botolo limodzi m'nyuzipepala, analimanga pakaliyala, n'kulunjika kumsika.

Golosale inali yopanda ogula. A Ashura anali atakhala pampando kuseri kwa kauntala akusankha nyemba m'lichero, mpango wawo wabuluu utatsikira pamapewa. Pakona filiji inkalira. Pashelefu, pambali pa mchere, panali timapepala ta ufa uja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Kaya iwe, wapolisi wa kuchigayo."

Sanadzutse mutu. Pius anaika botolo lake pakauntala.

"Ndabwera kudzafunsa chimene munatenga kwathu."

"Wabwera kudzafunsa. Miyezi khumi ndi iwiri, lero ndiye wabwera kudzafunsa. Unayamba wafunsa chigayo, ine ndine wachiwiri." Anaika lichero pansi. "Dzulo mwana wanga Najma wabwera kumjigo akulira. Akuti mayi ako amaba za akufa. Ukudziwa kulemera kwa mawu amenewo kwa munthu wogulitsa zakudya?"

"Munatenga kapena simunatenge?"

"Ndinatenga."

Pius anali atakonzekera kukana, kulumbira, ngakhale kutukwanidwa. Izi sanaziyembekezere.

A Ashura anadzuka, anatsegula filiji, n'kuyamba kutulutsa mabotolo a zakumwa limodzilimodzi kuwandandalika pansi. Kumbuyo kwenikweni kunali kachidebe ka pulasitiki komangidwa ndi mphira. Anakaika pakauntala. Pachivindikiro panali pepala lomatidwa, lolembedwa ndi bolopeni kuti MAYI WA BOWA. OSATSEGULA. Chilembo cha B chinali chopendekera kumbuyo, monga chinkakhalira pa makalata onse amene Pius ankalandira kukoleji kuchokera kwa amayi ake.

M'katimo munali timabotolo tiwiri taphanthiphanthi. M'kati mwa kalikonse munali phala louma ngati jeli, ndipo pamwamba pake panayala ulusi woyera, wokhuthala, wosalala ngati nsalu yatsopano. Pa zitsekerero panalibe chizindikiro chilichonse.

"Kachidebe aka kakhala m'filiji muno zaka zisanu ndi ziwiri," anatero a Ashura. "Kwanu kuli magetsi? Mayi ako ankabwera kudzatenga kamodzi pa miyezi itatu, n'kubweza tsiku lomwelo. Ulendo womaliza anatenga, matenda n'kuwagwetsa asanabweze. Kanakhala masiku asanu m'chisakasa mwezi wa Okutobala, kutentha konse kuja. Tsiku la galimoto lija anandikoka dzanja, akuti, 'Ashura, mayi wa bowa akupsa, pita naye.' Ndimayenera kuima pakhonde n'kupempha chilolezo kwa Davie?"

Pius anaweramira kachidebeko. Maso ake anali pa chilembo chija.

"Tandipatsa lakolo." A Ashura anafunyulula nyuzipepala, n'kukweza botolo la Pius kuwindo. Analitembenuza, n'kugwedeza mutu. "Unayambira botolo liti?"

"Labwino kuposa onse."

"Ndati liti?"

"La madontho anayi."

Amayi ake ankaika madontho ofiira pa zitsekerero za mabotolo ndi kyutekisi, utoto wa m'zikhadabo, ngakhale iwo sanapakepo zikhadabo moyo wawo wonse. Ena dontho limodzi, ena awiri, ena atatu, ena anayi. Pa tchuthi chilichonse Pius ankawaona akusankha a madontho anayi pokadzala m'matumba a utuchi. Ankadziwa tanthauzo lake popanda kufunsa. Anali mwana wa sukulu, ndipo kusukulu zochonga zinayi zimaposa chimodzi. Maliro atatha anasankha botolo la madontho anayi kukhala kholo la mbewu yake yonse. A dontho limodzi ndi awiri anawaona ngati ofooka, n'kuwadzala m'matumba kuti angotha.

A Ashura anakhala pansi pang'onopang'ono. Anagwira pakamwa. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo Pius sanathe kudziwa ngati akuseka kapena akulira.

"Esitele, mnzanga, tamuone mwana wako wa kukoleji. Amayesa ndi malikisi!" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Madontho aja ndi mibadwo, Pius. Uyu wa m'filiji ndi mayi, alibe dontho. Ukatapa kwa mayi, amene wabadwayo ndi mwana, dontho limodzi. Wotapa kwa mwana ndi mdzukulu, awiri. Kenaka chidzukulu, atatu. Wa anayi ndi womaliza. Ameneyo sabereka botolo lina, amangopita kukagwira ntchito m'thumba, akabala bowa basi zake zatha. N'chifukwa chake unkawaona akunyamula a anayi okhaokha. Akatha, ankabwera kuno kudzayambiranso kwa mayi. Iwe kuchokera pa wa anayi uja watapa kangati?"

Pius anawerenga m'mutu. "Khumi ndi kamodzi."

"Ndiye uyu ndi wa madontho khumi ndi asanu. Chitsekerero sichingakwane n'komwe. Ndipo ndikudziwa, unkasankha lothamanga."

"Ndimayesa ndilo lamphamvu."

"Mayi ako lothamanga ankalitaya. Ankati limeneli laphunzira kudya mapira, laiwala kubala."

Pius anatsamira kauntala. Anakumbukira manotsi a kukoleji, fotokope ya fotokope ya fotokope, mpaka pofika kwa iye manambala ena atasanduka timadontho. Anakumbukiranso phunziro lina limene analimva theka, sabata yomwe foni ya kumudzi inabwera: kuti chamoyo chochulukitsidwa pongodula ndi kusamutsa chimakalamba, tizolakwika take timapitirira kwa ana, ndipo wosankha mosadziwa amachulukitsa cholakwikacho. Ankazidziwa. Zinali m'kope lina m'sutikesi pansi pa bedi. Palibe anamuthirira kanthu. Chaka chathunthu ankadzuka m'mamawa, kusamba m'manja mosamala, n'kumapha yekha mbewu ya amayi ake pang'onopang'ono.

Komabe mtima wokayika sutha tsiku limodzi. Analoza pashelefu.

"Nanga uyo?"

"Uyo ndi wanga. Mayi ako anandipatsa mwana wa dontho limodzi zaka zitatu zapitazo, ndili ndi kachisakasa kuseri kuno. Tinagwirizana kuti ndizingomwa ndi a m'nyumba mwanga, ndisawalande msika. Ndayamba kugulitsa mwezi wa Juni, anthu atatopa ndi utuchi wakowo. Umboni wa pepala ndilibe. Ukhulupirire kapena usakhulupirire, amene akanandichitira umboni tinamuika limodzi."

"Mukanandiuza."

"Ndinakufunsa kangati kuti ukutapa m'botolo liti? Unkandiyankha ngati ndine wokhometsa msonkho." Anayang'ana kunja kumsewu. "Komanso pali china. Mayi ako anandiuza kuti, 'Akafuna kubwerera kusukulu, usamutchulire za mayi wa bowa. Ndisamumange ndi mabotolo. Akadzafunsa yekha, umupatse.' Ine ndinaona bowa wako akufooka, ndinati mwina akatheratu mwanayu atenga sutikesi yake. Mwina ndinalakwa. Ndinadikira nthawi yaitali."

Pius anafuna kukwiya, koma sanadziwe kuti akwiyire ndani. Mayi wamoyo amene anakhala chete, kapena womwalira amene anamukonzera njira yothawira osamufunsa. Anangogwira kachidebe kaja. Kanali kozizira, ndipo panja pake panayamba kuchita thukuta.

"Timabotoloti tinali titatu," anatero a Ashura. "Kamodzi kanafa mu Febuluwale, magetsi atazima masiku anayi. Ndinakulunga m'chiguduli chonyowa n'kuika mumtsuko, koma kanachita nkhungu yobiriwira. Ndipo tiwiri iti tisakunamize. Kuzizira kumangochedwetsa ukalamba, sikuuletsa. Mayi ako chaka chilichonse ankasankha bowa wabwino kuposa onse, akadali wanthete, kumung'amba pakati, n'kutapa kamnofu ka m'kati kuti kakhale mayi watsopano. Chaka china ankamudyetsa madzi a mbatata ya kachewere, chaka china a mapira, kuti asazolowere mbale imodzi. Zimenezo ine sindizitha, manja anga amanjenjemera, ndikangoyesa zimaola. Chaka chakwana ndipo chapitirira. Ukapanda kuchita iweyo, mayi ameneyu afera m'filiji mwanga, pakati pa zakumwa."

Anatenga kabotolo kamodzi, anakakulunga m'nsalu yonyowa, n'kukaika m'manja mwake.

"Kubweza lero lomwe, dzuwa lisanapendeke. Kanzake aka katsala kuno. Sindikupatsa tonse, sindinayambe kukukhulupirira."

"Zikomo, amayi."

"Zikomo wakoyo ukanene kuchigayo."

Atafika kunyumba anatsekula chisakasa. Mabotolo makumi atatu ndi awiri anali pashelefu, onse zidzukulu za botolo limene amayi ake analigwira komaliza. Anawatulutsa awiriawiri. Kukhuthula loyamba kudzala kunamutengera nthawi, chifukwa ulusiwo, ngakhale wodwala, unali ukadali wamoyo, ndipo unkanunkhira ngati malaya a amayi ake akachoka m'chisakasa. Enawo anakhuthula mofulumira osayang'ana. Nkhuku zinabwera kudzatola mapira.

A Davie anatulukira ali pakati pa ntchitoyo.

"Aa, adokotala atseka chipatala? Ndiye wakuba uja wavomera?"

"Wakuba ndamupeza, malume."

"Ndinanena ine! Ndani winanso?"

"Amavala kiyi m'khosi."

A Davie anayang'ana kiyi wolendewera pachifuwa cha mphwawo.

Pius anali ndi mabotolo atatu a mapira ophika kale, oyera, amene anawakonzera mbewu yakale ija. Anapukuta thebulo ndi sipiliti, anayatsa kandulo, n'kuwotcha nsonga ya kampeni mpaka kufiira. Anadikira kuti kazizire. Kenaka anatsegula kabotolo ka m'filiji, akupuma pang'onopang'ono, n'kudula kachidutswa kochepa ngati njere ya mtedza. Anachita katatu.

Kyutekisi uja anamupeza pamwamba pa mtanda wa denga, pomwe amayi ake ankamusunga. Anali atalimba, moti anachita kudonthezamo sipiliti ndi kugwedeza nthawi yaitali. Pa chitsekerero chilichonse anaika dontho limodzi. Linkaoneka laling'ono kwambiri, losauka, ngati malikisi a mwana wolephera.

Dzuwa linali lisanapendeke pamene anabweza kabotolo ku golosale yobiriwira. A Ashura anakalandira, anakaunika kuwindo, n'kukabwezera kumbuyo kwa zakumwa.

Ulusi unayanga mochedwa, moti sabata yoyamba Pius anayambanso kukayika, n'kumadzifunsa ngati mayi uja sanamupatse kabotolo kakufa n'kusunga kabwino. Sabata yachitatu mapira onse anali atakutidwa, oyera mokhuthala, opanda chigamba. Patapita miyezi itatu bowa anatuluka m'matumba, wonenepa, wofiira, m'mphepete muli mzere woyera. Panali mmodzi woposa anzake, wotambalala ngati chikhatho. Ameneyo Pius sanamudikire kuti akhwime. Anamuthyola akadali wanthete, anamung'amba pakati, n'kutapa kamnofu ka m'kati kuika pa jeli wa madzi a kachewere.

Kuchigayo anali atapitako kale kukabweza mawu ake aja, Loweruka la sabata yomwe ija, makina atazima. Anthu anali ochepa kuyerekeza ndi tsiku loyamba, ndipo anadziwa kuti mawu achiwiri sadzafika konse kumene oyamba anafika. Najma ankamudutsabe pamsewu osamupatsa moni.

Zotsala za bowa wong'ambidwa uja anaziumitsa padzuwa, anasinja, n'kupita nazo ku golosale pamodzi ndi kabotolo katsopano kopanda dontho. Pachivindikiro cha kachidebe, pansi pa zolemba za amayi ake, analemba mwezi ndi chaka. A Ashura anatereka madzi kuseri n'kubwera ndi makapu awiri. Anamwa, nkhope yawo n'kukwinyika yonse ngati ya mwana womwetsedwa mankhwala.

"Esitele," anatero, akutsokomola.

Pius anamwa wake osapumira, mpaka pansi pa kapu.